Malamulo amene ndinaika m'foni za anthu

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa intaneti. Umboni uwu ndikuupereka makamaka kwa achinyamata amene angolowa kumene m'ntchitoyi, amene manja amawayabwa akaona chida chatsopano. Inenso anandiyabwa chimodzimodzi, ndipo amene anapwetekeka nazo kwambiri si ine.

Kampani imene ndimagwirako imagulitsa zipangizo za magetsi a dzuwa pa ngongole: nyale, mabatire, mawailesi ndi ma TV ang'onoang'ono. Munthu amapereka kangachepe poyamba, zotsala n'kumabweza pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Tili ndi tsamba la pa intaneti limene kasitomala amatsegula pa foni kuti aone ngongole yatsala zingati komanso katundu wina amene angatenge. Poyamba tsambalo linkaoneka mofanana kwa aliyense, ndipo anzathu a zamalonda sankakondwa nazo. Ankafuna kuti wobweza bwino aziona katundu wokulirapo, watsopano aziona zotsika mtengo, aliyense aziona ejenti wa kufupi ndi kwawo, wochedwa kubweza azikumbutsidwa. Pempho lililonse linkafika pa desiki panga, ine n'kusintha code, kuyesa, kutumiza. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inayamba kusintha pafupipafupi moti ndinalibenso mpata wogwira china.

Apa m'pamene ndinabweretsa ganizo la injini ya malamulo. M'malo molemba zisankho zonse mkati mwa code, umazitulutsa n'kuziika m'fayilo ina payokha. Lamulo lililonse lili ndi mbali ziwiri: zakutizakuti zikakhala chonchi, chita chakutichakuti. Kasitomala akamaliza ngongole yoyamba, muonetse TV. Netiweki yake ikakhala yofooka, usamutumizire zithunzi zikuluzikulu. Injiniyo ndi kapulogalamu kamene kamatenga zimene zikudziwika za munthu, kuziyerekeza ndi malamulo aja, n'kunena kuti agwira ndi ati. Ukafuna kusintha zinthu sukhudzanso code. Umangokonza fayilo, tsamba n'kusintha pomwepo likugwira ntchito.

Nzeruyi ndi yakale ndithu. Charles Forgy wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anakonza njira yotchedwa Rete m'zaka za m'ma 1970, yothandiza kompyuta kuyerekeza malamulo ambirimbiri mosataya nthawi, ndipo anaifotokoza m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1982. Bungwe la NASA linayamba kupanga injini yotereyi yotchedwa CLIPS mu 1985. Olemba mapulogalamu a Java ali ndi Drools. Koma injini zoterezi kawirikawiri zimagwira ntchito pa makina a eni ake, m'chipinda chokhoma. Ine ndinatenga ya JavaScript yotchedwa json-rules-engine, malamulo n'kuwalemba mu JSON, ndipo zonse ziwiri, injini ndi malamulo ake, ndinazitumiza kuti zizikagwirira ntchito mu browser ya m'foni ya kasitomala.

Ndinali ndi zifukwa, ndipo mpaka lero sindizikana. Seva yathu inali kunja kwa dziko, choncho funso lililonse lochoka pa foni ya kumudzi linkayenda ulendo wautali pa netiweki yodukaduka. Foni ikamadzisankhira yokha choonetsa, sipakhala kudikira yankho. Tsamba limakhala limodzi losavuta kusunga, seva imapuma, bilu ya mwezi imatsika. A zamalonda ndinawapangira fomu yolembera malamulo okha osadzera kwa ine. Masabata oyamba aliyense ankandiyamikira.

Choyamba kutiluma chinali ndalama. Tinali ndi lamulo lochotsera mtengo makasitomala okhulupirika. Chizindikiro chakuti munthu ndi wokhulupirika chinkasungidwa mu localStorage, kamosungira kamene browser imapatsa tsamba lililonse. Injini inkawerenga chizindikirocho, kuwerengetsa mtengo wotsika, n'kuutumiza ku seva pamodzi ndi oda, seva n'kulandira osafunsa. Tsono aliyense wodziwa kudina F12 pa browser ya pa kompyuta amatha kutsegula kamosungirako n'kulembamo zimene akufuna. Wina anaterodi. Anasintha liwu limodzi, mtengo unatsika, katundu anatuluka. Anauza anzake, anzakewo anauzanso anzawo, ndipo tinadzazindikira a maakaunti atafunsa kuti okhulupirika achuluka liti chonchi pamene mabuku sakuonetsa choncho. Ndinachita ngati mwini okala amene wapatsa wangongole kabuku ka ngongole pamodzi ndi cholembera kuti akasunge kwawo. Kuti zochokera ku browser sizidaliridwa ndinkazidziwa kale; zimalembedwa m'malangizo aliwonse a chitetezo, kuphatikizapo a bungwe la OWASP. Kungoti chifukwa mtengo unkachokera m'chinthu chotchedwa injini, mtima wanga unkachiona ngati changa, ndinaiwala kuti chili m'manja mwa munthu wina.

Panali china choposa kubako. Kuti foni isankhe lamulo logwira, iyenera kulandira malamulo onse, ndiye kuti fayilo yonse inkapita kwa aliyense wotsegula tsamba. M'fayilomo munali mitengo ya sabata yamawa imene tinali tisanalengeze. Munalinso mayina amene a zamalonda anapatsa magulu a makasitomala, mayina oti sakanawatchula pamaso pa eni ake: ovuta kulipira, osawadalira. Maboma ena analembedwa kuti anthu ake asamaonetsedwe katundu wodula. Chithunzi cha fayiloyo chinazungulira m'magulu a WhatsApp a maejenti athu, ndipo bambo wina wa m'boma limodzi mwa olembedwawo anandiimbira.

"Achimwene, ndiye kuti ife kuno mumatiyesa akuba?"

Ndinayesa kufotokoza kuti lamulolo sindinalembe ndine. Anandiyankha kuti iwo sakufunsa analemba ndani, akufunsa kuti akawauze chiyani anthu awo amene akhala akubweza ngongole osadumphitsa mwezi. Ndinangoti kukamwa pululu. Ndisanaike malamulowo m'foni, tsankho limeneli likanakhalapobe koma mobisika. Sindikunena kuti kubisika kukanalikonza. Ndikunena kuti ndinapanga fomu yoti munthu aweruze boma lathunthu ndi mzere umodzi, popanda wina woona asanatumize.

Wotchi nayonso inatipusitsa. Malamulo a zotsitsa mtengo anali ndi tsiku loyamba ndi lothera, koma JavaScript ya mu browser imafunsa nthawi kwa foni yomweyo. Foni zina zikathima kwa nthawi kapena kuchotsedwa batire zimadzuka ndi deti lolakwika. Ena ankaona zotsitsa zimene zinatha kale n'kukakangana ndi ejenti, ena sankaona zimene zinalipo.

Kenako malamulo anachuluka. Aliyense wa zamalonda ankawonjezera lake, wochotsa panalibe. Lamulo lina likagwira linkasintha chizindikiro chimene lamulo lachiwiri linkadalira, lachiwirilo n'kudzutsa lachitatu. Katswiri wa mapulogalamu Martin Fowler analemba za injini zoterezi mu 2009, kuchenjeza kuti malamulo akayamba kudzutsana chonchi, kayendedwe ka pulogalamu kamabisika moti ngakhale amene anawalemba sangathe kunena chimene chichitike. Ndinawerenga chenjezolo zinthu zitavuta kale. Lamulo lililonse palokha linali lomveka bwino, loti mwana wa sekondale akhoza kuliwerenga. Koma onse pamodzi anali pulogalamu yaikulu yopanda mwini, yosayesedwa ndi aliyense, yosinthidwa Lachisanu madzulo ndi munthu amene akuthamangira basi.

Tsiku lina ndinagwiritsanso ntchito dzina la chizindikiro chakale chimene ndinkaganiza kuti chinafa. Lamulo lina lakalekale limene palibe ankalikumbukira linadzuka n'kuyamba kuuza makasitomala ena kuti ngongole yawo yatha pamene isanathe. Amene amatsatira mbiri ya ntchito yathu akudziwa zimene zinachitikira kampani ya Knight Capital ku America pa 1 Ogasiti 2012: chizindikiro chakale chinapatsidwa ntchito yatsopano, seva imodzi mwa zisanu ndi zitatu inali isanalandire code yatsopanoyo, ndipo m'mphindi 45 kampaniyo inataya madola pafupifupi 440 miliyoni. Zathu zinali zazing'ono poyerekeza, koma pa mfundo imodzi ife zinatiipira kwambiri. Iwo vuto linali pa makina awo, oti akhoza kuwafufuza. Ife chigamulo chinkachitikira m'foni ya munthu kumudzi n'kuferanso momwemo. Kasitomala akadandaula kuti waona zakutizakuti, ine ndikatsegula pa kompyuta yanga sindinkaziona. Sindinkadziwa kuti foni yake ili ndi fayilo ya malamulo ya lero kapena ya mwezi watha imene browser inasunga, sindinkadziwanso zizindikiro zimene zinali mu localStorage yake. Kangapo konse ndinauza a ku ofesi yothandiza makasitomala kuti munthuyo waona molakwa, chonsecho amanena zoona.

Za liwiro sindichulutsa. Tsamba linkayamba kuoneka la aliyense, kenako injini ikamaliza n'kusintha mwadzidzidzi, mabatani n'kusuntha chala chili kale m'njira. Google imayeza kusunthasunthaku ndi muyeso wotchedwa Cumulative Layout Shift, ndipo imati tsamba labwino lisapitirire 0.1. Pofuna kubisa vutoli ndinatengera njira imene Google Optimize, yomwe inatsekedwa mu Seputembala 2023, inkagwiritsa ntchito: kubisa tsamba lonse mpaka malamulo atafika, kwa masekondi osapitirira anayi. Pa intaneti ya mu ofesi zinkangothwanima n'kutha. Pa foni yotsika mtengo ndi netiweki ya kumudzi munthu ankaona choyera chokhachokha, n'kuganiza kuti bandulo yatha. Ogwiritsa ntchito Opera Mini m'njira yake yopulumutsa kwambiri data, imene tsamba limakonzedwera pa seva za Opera lisanafike pa foni, nthawi zina sankaona kusintha kulikonse. Ndipo fayilo ya malamulo inkakula mwezi ndi mwezi, wolipira data yake ali kasitomala.

Chilankhulo ndiye chinandionetsa kuti injiniyo inkadziwa zochepa bwanji za anthu. Ndinalemba lamulo lakuti browser ikanena kuti chilankhulo chake ndi ny, tsamba lioneke m'Chichewa. Lamulo limeneli silinkagwira pafupifupi kwa aliyense, chifukwa foni za makasitomala athu zinali pa Chingerezi monga zinachokera m'sitolo. Agogo amene sadziwa liwu limodzi la Chingerezi injini inkawaona ngati Mngerezi. Titayesa kuganizira potengera dera, tinapatsa Chitumbuka mphunzitsi wochokera ku Mulanje amene anangotumizidwa kukagwira ntchito ku Rumphi. Chimene chinathetsa vutoli ndi batani lofunsa munthuyo kuti akufuna chilankhulo chiti, ntchito yosakwana ola limodzi. Safunsa anadya phula.

Zonsezi zinakonzeka. Chimene ndikufuna kunena tsopano sichinakonzeke, ndipo ndicho chandichititsa kulemba umboniwu.

Lamulo lokumbutsa ochedwa kubweza ndinalemba ndekha, palibe wa zamalonda amene ndingamuloze chala. Munthu akalowa mu akaunti yake, tsamba linkasunga mu localStorage dzina lake loyamba, ndalama imene watsalira nayo, ndi chizindikiro chakuti wachedwa. Ulendo wotsatira tsamba likangotsegulidwa, asanalembe n'komwe nambala yachinsinsi, injini inkaona chizindikirocho n'kuika chikwangwani chofiira pamwamba, chotchula dzina ndi ndalama. Ndinkanyadira kuti chimaoneka ngakhale netiweki kulibe. Ndipo chinkagwiradi ntchito: anthu ambiri ankalipira atachiona.

Mayi wina wochita geni pamsika anatenga batire ndi nyale pa ngongole m'dzina lake, kuti azigulitsa mpaka madzulo. Amuna awo ankadziwa kuti zipangizozo anagula, za ngongole sankazidziwa. Geni itavuta, mayiwo anatsalira. Pakhomopo foni ya intaneti inali imodzi. Mayiwo ankaibwereka kuti aone ngongole yawo, ndipo ankatuluka mu akaunti bwinobwino monga ejenti anawaphunzitsira. Koma batani langa lotulukira silinkafufuta localStorage. Bamboyo atatsegula tsamba lathu kuti aone mitengo ya mawailesi, chikwangwani chofiira chinawalonjera ndi dzina la akazi awo pamodzi ndi ndalama yonse.

Ndinamva kwa ejenti wa deralo, mayi wachikulire amene ndinali ndisanakumanepo naye. Anabwera okha ku ofesi n'kufunsa kuti amene amalemba za pa foni ndi ndani.

"Ndinu inu, achimwene?"

"Ndine, mayi."

"Munthu wanga uja panopa ali kwa makolo ake. Usiku umenewo kunali ndewu, ndipo anachoka nkhope itatupa. Ine ndinamulonjeza kuti akatuluka mu akaunti palibe angaone. Ndinamunamiza ndine kapena inu?"

Ndinawauza kuti ndine. Ndinafunsa ngati ndingapite kukapepesa. Anakana. Anati mwamuna wachilendo wochokera ku tauni akafika pamudzipo kudzafunsa za mkazi wa mwini, moto ungokolera. Anati chimene akufuna n'chakuti chinthucho chichoke lero lomwelo, chifukwa ali ndi azimayi ena ambiri amene anatenga katundu mofananamo ndipo amabwerekanso foni za amuna awo, za ana awo, za oyandikana nawo.

Amene anakweza dzanja ndi bamboyo, ndipo mlandu umenewo ndi wawo. Koma chinsinsi cha mayiwo chinali m'manja mwanga, ndipo ndinachiika poyera. Chimene chimandipweteka n'chakuti kubwerekana foni si nkhani yoti ndikanaifufuza m'mabuku. Ndimakuona kwathu komwe, kwa abale anga. Koma nditakhala pa desiki ndinalemba lamulo ngati kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi, chifukwa zitsanzo zonse zimene ndinaphunzirira zinalembedwa m'mayiko amene aliyense ali ndi yakeyake. Injini ya mu browser siona munthu. Imaona foni, ndi zimene wina anasiyamo. Aliyense amene wagwira foniyo imamuyesa yemwe uja.

Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, lili ndi gawo 22 lonena za zigamulo zokhudza munthu zimene makina amapanga okha. Ku South Africa kuli lamulo la POPIA. Kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, linabwera mu 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woyang'anira. Ndikukulimbikitsani kuti muwawerenge, koma ndisakunamizeni kuti ndi amene anandisintha. Anandisintha ndi mayi aja ataimirira pakhomo la ofesi, kukana mpando.

Injiniyo sitinaitaye. Ikadalipo mu browser, koma tsopano imangosankha zinthu zimene zikalakwika palibe amalira: kukula kwa zithunzi, dongosolo la katundu pa tsamba, kuonetsa kanema kapena ayi. Pa zimenezi imathandizadi, ndipo Chrome imatha kuuza tsamba ngati netiweki ili yofooka kapena ngati munthu wasankha kupulumutsa data, ngakhale si browser zonse zimene zimatero. Chilichonse chokhudza mtengo, ngongole, kapena gulu limene munthu waikidwamo chimagamulidwa pa seva, pa wotchi ya seva, ndipo foni imangolandira yankho lake lokha popanda kuona malamulo a anthu ena. Oda ikafika, seva imawerengetsanso mtengo yokha. Chigamulo chilichonse chimalembedwa pamodzi ndi nambala ya fayilo ya malamulo imene inagwira, kuti munthu akadandaula ndizitha kuona zimene iye anaona. Lamulo latsopano sililowa popanda dzina la mwini wake, tsiku lothera, ndi munthu wachiwiri woliwerenga. Tinaletsanso malamulo kudzutsana, zimene zinakwiyitsa a zamalonda kwa kanthawi, koma anazolowera. Mayina a magulu aja tinawafufuta, ndipo lamulo loweruza boma lathunthu ndinakana kulibwezeretsa ngakhale pa seva. Ndimayesa chilichonse pa foni yotsika mtengo ya Android ndi bandulo yogula ndekha, ndipo poyesa ndimaipatsira mnzanga ndikangotuluka mu akaunti kuti aone ngati ndasiyamo kanthu.

Mu foni simutsalanso dzina, ndalama, kapena chizindikiro cha kuchedwa. Wofuna kuona ngongole yake amalemba nambala yachinsinsi ulendo uliwonse, ndipo akasiya tsamba kwa mphindi zochepa limadzitsekera lokha. Makasitomala ena amadandaula kuti n'zotopetsa, ndipo akunena zoona. Bwana wa zamalonda amabwera pafupifupi mwezi uliwonse ndi ziwerengero zoonetsa kuti chikwangwani chofiira chija chinkabweretsa ndalama msanga kuposa mmene zikubwerera pano. Ziwerengero zawo si zabodza, ndipo kampani imene sitolera ngongole zake imatseka, maejenti onse n'kukhala pakhomo. Ulendo womaliza anapempha kuti tibwezeretse chikwangwanicho koma chopanda dzina, chongonena kuti pa foni ino pali ngongole yochedwa. Ndinawafunsa kuti pakhomo pa anthu awiri, bambo akaona zimenezo akudziwa kuti iwo sanatenge ngongole, aganiza kuti ndi ya ndani. Tinagwirizana kuti wochedwa aziimbiridwa ndi ejenti wake pa nambala ndi nthawi imene iye mwini anasankha polembetsa, ndipo ejentiyo asatchule za ngongole asanatsimikize kuti akulankhula ndi mwini wake. Njirayi ndi yochedwa komanso yodula kuposa lamulo langa lija, ndipo bwana anena kale kuti nkhaniyi adzaibweretsanso pokonza bajeti ya chaka chamawa.